Filimu ya munthu wabodza amene ananena zoona

 Ku Ntcheu kwazizira moti m'mawa ukapisa dzanja m'ndowa umakumbuka amayi ako. Amene bandulo yakutherani, sungani uthengawu mudzawerenge usiku muli pamchenga. Ndi wautali ndithu, ndipo sindipepesa.

Sabata yatha usipa unandithera msanga pamsika wa pa boma, ndiye ndinakacheza kwa mnzanga wina amene amachajitsa mafoni ndi kuika mafilimu m'mafulashi. Benchi inali yodzaza ndi anyamata. Mmodzi anaona nkhope ya Matt Damon pakompyuta n'kufuula kuti, "Ikani imeneyo aise, ndi Bourne ameneyo, zibakera zilipo!" Tinaika. Pasanathe mphindi 20 theka la benchi linali litabalalika. Bourne wake wanenepa, wavala magalasi, ndevu zapamlomo ngati za ahedi akale, tayi yamaluwamaluwa, ndipo akungokamba za chimanga. Palibe kiki, palibe galimoto yogubuduzika. Pofika kumapeto tinatsala atatu, ndipo mmodzi anali kugona. Ine ndaionera kawirinso kuchokera tsiku limenelo, ndipo ndabwera kudzakuuzani kuti anyamata aja anathawa filimu yonena za ife.

Dzina lake ndi The Informant!, inatuluka mu 2009, anaikonza ndi Steven Soderbergh kuchokera m'buku la mtolankhani Kurt Eichenwald. Nkhani yake inachitikadi. Ku America, m'tauni ya Decatur m'chigawo cha Illinois, kunali likulu la kampani yaikulu yotchedwa Archer Daniels Midland, mwachidule ADM. Ntchito yake n'kugula chimanga, soya ndi tirigu n'kupanga nazo zinthu zambirimbiri. Chimodzi mwa zinthuzo ndi lysine. Musachite mantha ndi dzinalo: ndi kaufa kamene amasakaniza m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba kuti zikule msanga. Nkhuku zoyera zimene timagula zootcha pa siteji ija zimakula ndi zakudya za mtundu umenewo. Makampani opanga lysine padziko lonse anali owerengeka: ADM ya ku America, Ajinomoto ndi Kyowa Hakko a ku Japan, ndi ena awiri a ku Korea. M'malo mopikisana, mabwana awo ankakumana m'mahotela, kutseka chitseko, n'kupangana kuti mtengo ukhale wakuti, iwe ugulitse matani akuti, ine akuti. Mlimi wa nkhuku kulikonse padziko ankangoona mtengo wakwera, n'kumati kaya ndi nyengo, kaya ndi mafuta.

Amene anaulula ndi Mark Whitacre, mmodzi wa mabwana omwewo. Munthu wophunzira kwambiri, wa digiri yapamwamba ya ku Cornell, ndipo anali mkulu wa nthambi yonse yopanga lysine asanafike zaka 35. Kuyambira mu 1992 mpaka 1995 ankapita kuntchito atabisa kachipangizo kojambula mawu m'thupi ndi m'chikwama, n'kumapereka matepi kwa apolisi a FBI. Zaka pafupifupi zitatu, aise. Ena a ife chinsinsi cha chibwenzi cha mnzathu sitingachisunge kuchokera Lachisanu kufika Lamlungu.

Mpaka apa mukuganiza kuti ndi nkhani ya ngwazi, eti? Munthu wolungama pakati pa mimbulu. Filimu yambiri ya oulula zachinsinsi imayenda choncho: munthu wathu ndi woyera ngati bafuta, akuthamangitsidwa usiku, nyimbo yoopsa ikulira, mkazi wake akulira, pomaliza choonadi chipambana. Iyi ayi. Whitacre ndi wabodza wotheratu, wabodza woti akakuuza kuti kwacha uyenera kutuluka panja ukaone wekha.

Ngakhale kubwera kwa FBI kunayamba ndi bodza lake. Fakitale inkavuta, tizilombo tinkawononga zophikidwa m'matanki, ndipo iye poopa kuoneka wolephera anauza mabwana ake kuti munthu wina wa ku Japan wamuimbira foni kuti pali kazitape amene akuwononga dala, ndipo akufuna ndalama kuti amutchule. Mabwana anaitana FBI. Wapolisi atabwera kunyumba kwake kudzalumikiza zomvetsera pafoni, mkazi wake Ginger ndi amene anamukakamiza kuti anene za kupangana mitengo, apo ayi anena yekha. Ndiye ngwazi yathu inayamba kuulula chifukwa bodza lake loyamba linali pafupi kuphulika, ndipo mayi wa kunyumba anali ataima pakhomo.

Kuchokera pamenepo mabodza amangobadwa ngati mbewa. Amauza anthu kuti makolo ake anafa pangozi iye ali mwana, n'kuleredwa ndi munthu wolemera. Makolo ake ali moyo, ali phee kwawo. Amadzitcha 0014 chifukwa akuti ndi wochenjera kawiri kuposa 007. Akulowa mu ofesi atavala chojambulira, amayankhula mokweza kutchula dzina la aliyense amene wakumana naye ngati muulutsi wa mpira pa wailesi. Pamsonkhano wina chojambulira cha m'chikwama chikuvuta, iye n'kutsegula chikwamacho pamaso pa anthu omwe akuwajambulawo kuti achikonze, apolisi akuonera pa kamera m'chipinda china mitima ili m'mwamba. Ndipo chondiseketsa kuposa zonse: ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mabwana anzake akamangidwa, kampani idzamuthokoza n'kumuika kukhala mkulu wa ADM yonse. Munthu wawotcha nyumba, akudikira kuti eni ake amupatse chipinda chachikulu.

FBI inalowa m'maofesi a ADM mu June 1995. Sipanapite nthawi, maloya a kampani anafukula mabuku n'kupeza kuti pa nthawi yonse imene Whitacre ankathandiza boma, iyenso ankaba. Makampani abodza, malisiti abodza, ndalama kupita kumabanki akunja. Poyamba akuvomera kandalama kochepa, mawa chiwerengero chakwera, mkuja chakweranso, mpaka kupitirira madola 9 miliyoni. Nkhope za apolisi awiri amene anamukhulupirira zaka zonsezo, mmodzi wa iwo akuseweredwa ndi Scott Bakula, ndi zimene zimandipha. Amangomuyang'ana ngati bambo amene wauzidwa kuti mwana wake amene amamutama kutchalitchi ndi amene wakhala akuba nkhuku za m'mudzi.

Tsono tamverani mathero ake. Mu 1996 ADM inavomera mlandu n'kulipira chindapusa cha madola 100 miliyoni, chimene panthawiyo chinali chachikulu kuposa china chilichonse pa milandu ya kupangana mitengo ku America. Mabwana awiri, Michael Andreas ndi Terrance Wilson, anapita kundende, aliyense zaka zosapitirira zitatu. Whitacre, amene anabweretsa matepi, anakhala m'ndende zaka zoposa zisanu ndi zitatu, anatuluka mu 2006. Woulula anakhala nthawi yaitali kuposa onse amene anawaulula.

Apa ndi pamene filimuyi inandigwira pakhosi, chifukwa ine nkhani imeneyi ndinaiona ndi maso ndili mwana, padoko lathu lomwe, popanda tayi kapena hotela.

Inu mukudziwa m'mene zimakhalira. Bambo anga ndi alovi awo apita madzulo ndi chilimira, siginala wapita patsogolo ndi nyali zake, usiku wonse akukoka. Mafuta a injini ndi angongole, a nyali ndi angongole. M'mawa boti lafika, usipa wadzaza, ndipo ogula aima pamchenga manja m'thumba. Woyamba atchula mtengo wa chigoba, theka la wa dzana. Bambo akana, apita kwa wachiwiri: mtengo womwewo. Wachitatu: womwewo, osasiyana ngakhale kobiri. Dzuwa likukwera, ayezi palibe, mathandala athu ndi ochepa, ndipo usipa sudikira munthu. Pofika 9 koloko umagulitsa basi. Chaka china zimenezi zinachitika mwezi wathunthu, ndipo akuluakulu ankangoti msika wa ku Limbe wagwa, msika wa ku Lilongwe wagwa.

Amene anatitsina khutu anali mnyamata wina wonyamula chikwama cha ndalama cha ogula aja. Anabwera kwa bambo usiku n'kunena kuti msika sunagwe, ogula amakumana madzulo kuseri kwa resitihausi n'kupangana mtengo, ndipo amene angawonjezere ngakhale pang'ono samukweza pa lole yobwerera. Anatchula mayina, anatchula masiku. Nkhani inafika pa msonkhano wa komiti ya padoko, anthu anadzaza pansi pa mtengo. Mnyamata anaimirira, ananena zonse. Kenako mmodzi wa ogula anaimirira mofatsa, natulutsa kabuku, n'kuonetsa kuti mnyamatayu wakhala akudula kandalama pa chigoba chilichonse kwa miyezi, ndipo waulula chifukwa anamugwira n'kumuchotsa ntchito. Zinali zoona. Mnyamata sanakane.

Mukudziwa chimene chinachitika? Msonkhano wonse unatembenuka. Maola awiri anthu anakamba za kuba kwa mnyamata uja: analeredwa bwanji, amalume ake ndi ndani, abweze zingati. Za kupangana mitengo palibe anazitchulanso. Ogula anabwerera kwawo ali anthu olakwiridwa. Patapita milungu iwiri mnyamata anakwera basi ya ku Joni, ndipo mtengo wa chigoba unakhala pomwe unali. Bambo anga pobwerera kunyumba tsiku limenelo anangoti, "Wakuba uja ananena zoona," n'kukhala chete mpaka kugona.

Ubwino waukulu wa The Informant! ndi umenewu: siikulola kuti uchite zimene msonkhano wathu unachita. Imakuonetsa kuba kwa Whitacre konse, osabisa kalikonse, mpaka umafika pomunyansidwa. Koma matepi aja umakhala utawaona kale ndi maso ako. Waona amuna atakhala mozungulira tebulo ku Hawaii akugawana msika wa dziko lonse ngati akugawana nyama ya mbuzi pa Khirisimasi. Wamva mfundo imene ankayendera, yoti opikisana nawo ndiwo abwenzi, ndipo makasitomala ndiwo adani. Whitacre akhale wakuba, akhale wabodza, akhale chilichonse, tepi ija siisintha. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Ife mwambiwu timaudziwa pakamwa, koma ikafika nthawi timayamba kufufuza misala ya munthuyo, nkhondo ili pakhomo.

Ndipo taganizani bwino: ndani angadziwe za m'chipinda chotseka? Si m'busa, si mphunzitsi wa Sande sukulu. Ndi amene anali m'chipindamo, ndipo m'chipinda chotero salowetsamo munthu wa manja oyera. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndiye mbuzi yokhayo ndi imene ingakuuze kuti msipu wake ukukoma bwanji. Tikamadikira kuti woulula akhale mngelo, tidzadikira mpaka nyanja iume. Chilankhulo chathu chomwe chimatipereka: munthu wotere timamutcha kazitape, kapirikoni, mthirakuwiri, Yudasi. Dzina labwino la munthu woulula zoipa za anzake tilibe, timachita kulizungulira ndi mawu anayi kapena asanu.

Tsopano tibwere ku Capital Hill, chifukwa ndikudziwa ena mwafika kale kumeneko m'maganizo. Usiku wa pa 13 September 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawombedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 ku Lilongwe. Anapulumuka atakalandira chithandizo ku South Africa. Pulezidenti wa nthawiyo, Joyce Banda, ananena poyera kuti anamuwombera chifukwa ankalimbana ndi katangale. Masiku otsatira dziko linaona zimene linali lisanaonepo: ogwira ntchito m'boma a malipiro ochepa akupezeka ndi mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Ndiyo Cashgate. Akatswiri a Baker Tilly a ku Britain atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri kupita kumakampani amene sanagulitse boma ngakhale pensulo. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo ululu wake unafika mpaka kuzipatala zathu za kumudzi.

Mu 2014 Mphwiyo yemweyo anamangidwa, kuimbidwa milandu yokhudza ndalama zomwezo. Mu 2016 khoti linapeza Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, wolakwa pa mlandu wopangana chiwembu chofuna kupha Mphwiyo, n'kumulamula zaka 13. Mu 2023 Mphwiyo anasowa ali pa belo, mlandu wake usanathe. Ine si woweruza, ndipo khoti silinamugamule. Ndikungoti taonani m'mene nkhaniyo inayendera: lero ngwazi, mawa woimbidwa mlandu, mkuja kulibe. Ndipo zambiri zimene tinadziwa za m'kati mwa Cashgate zinachokera kwa anthu ngati Leonard Kalonga wa ku unduna wa zokopa alendo, amene anavomera yekha kuti anaba n'kuyamba kutchula anzake. Munthu wa ku Decatur uja akanabadwira kuno akanapeza abale ake ambiri.

Pali amene anganene kuti zinthu zotere si zoseketsa, ndipo ndikuwamva. Issa Njauju wa ku ACB anaphedwa mu July 2015, thupi lake linapezeka litakwiriridwa ku Lilongwe, galimoto yake itawotchedwa. Anzathu a ku Joni mukukumbuka Babita Deokaran, mayi amene anaulula za ndalama zokayikitsa pachipatala cha Tembisa, n'kuwombedwa pakhomo pake ku Johannesburg mu August 2021 atangosiya mwana kusukulu. Martha Chizuma, ali mkulu wa ACB yomweyo, anatengedwa ndi apolisi m'bandakucha mu December 2022 chifukwa cha mawu amene munthu wina anamujambula mobisa pafoni. Apa palibe choseketsa, ndipo filimu ya Njauju ikadzapangidwa isadzakhale ya nthabwala.

Koma kuseka kwa mu The Informant! si kuseka imfa ya munthu. Ndi kuseka kwa adzukulu pamaliro, kumene kumakulola kuyang'ana chinthu chimene ukanathawa. Soderbergh anachita dala. Anaika nyimbo za Marvin Hamlisch zodumphadumpha ngati za pa sewero la ana, pamene pa sikirini anthu akuba mamiliyoni. Anatenga anthu odziwika ndi nthabwala ku America, monga Joel McHale ndi Patton Oswalt, n'kuwapatsa mbali za apolisi ndi maloya osaseka n'komwe. Ndipo nthawi yonse timamva maganizo a m'mutu mwa Whitacre: anthu akukamba nkhani yoti ingamutsekeretse, iye m'mutu akuganiza za mitengo ya matayi, za zimbalangondo zoyera za kumadzi oundana, za m'mene angasungire nthawi posamba. Poyamba umaseka kuti munthuyu ndi wobalalika. Pakati pa filimu umazindikira kuti mawu a m'mutuwo akukunamiza iwenso woonera. Chakumapeto, wapolisi uja atamugwira ndi kalata ya dokotala imene anapeka yekha, mawu a m'mutu aja amayamba kumuuza mabodza oti ayankhe, iye n'kumawabwereza pakamwa, mpaka amatha. Chete. Pamenepo mnzanga wa mafulashi uja, amene anali akuseka kuyambira poyamba, anangoti "ayi ndithu," ndipo sanasekenso.

Ife Amalawi njira imeneyi si yachilendo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankanena pa siteji zinthu zimene munthu atazinena ndi nkhope yolimba akanafunsidwa mafunso. Katangale wathu ali ndi mbali yake yopusa imene filimu yolira yokhayokha singaigwire. Munthu wa malipiro osakwana kugula matayala anayi ali ndi galimoto zisanu, ndipo abale ake onse akuti ndi madalitso. Ukaika nyimbo yachisoni pamenepo wanama. Pamafunika kuseka kowawa kuja, kotuluka m'mphuno.

Zofooka zake zilipo, ndisakunamizeni ngati Whitacre. Theka loyamba limayenda pang'onopang'ono, ndipo Chingerezi chake ndi cha m'maofesi, chothamanga. Chachiwiri, madokotala anapeza kuti Whitacre anali ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar, ndipo pali malo ena pamene umadzifunsa ngati ukuseka wakuba kapena wodwala. Ine pamenepo sindinamasuke, ngakhale filimuyo imasiya kuseka ikafika pa nkhani yofuna kudzipha. Chachitatu ndi chimene mnzanga anafunsa titamaliza: kodi munthu ataonera izi angayerekeze kuulula kanthu? Woulula zaka zisanu ndi zitatu, mabwana zitatu. Funso labwino. Koma Whitacre sanamangidwe nthawi yaitali chonchi chifukwa choulula. Boma linali litamulonjeza chitetezo malinga anene zonse, iye n'kubisa kuba kwake, chitetezo n'kugwa. Akanayamba ndi kunena kuti "inenso ndadya, nazi zanga," nkhani ikanakhala ina. Mnyamata wa padoko uja naye akanayamba ndi za chigoba chake asanatchule za ena, kabuku kaja kakanakhala kopanda mano.

Tsono za ndalama zopangira filimu, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna anyamata a makamera mumve. The Informant! inadya madola pafupifupi 22 miliyoni. Ndikudziwa, mukawerengera pa reti ya kuseri mutu uzungulira, tingagule maboti a injini doko lililonse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Karonga. Koma ku Hollywood imeneyo ndi ndalama ya ndiwo. Chaka chomwecho Avatar inadya kuposa kakhumi. Soderbergh anagwira kamera yekha, monga amachitira, n'kumaliza kujambula m'milungu yowerengeka, mbali yaikulu ku Decatur komweko. Ndipo mukaiyang'ana bwino, muli chiyani? Maofesi a makoma achikasu, zipinda za hotela, galimoto itaima pamalo oimikapo magalimoto usiku, munda wa chimanga, anthu awiri kapena atatu akuyankhulana. Mantha onse akuchokera pa funso limodzi: kodi amugwira? Kenako funso limasintha: kodi wanamanso chiyani? Chotsani malipiro a Matt Damon ndi maulendo a pandege, chotsala ndi nkhani yolembedwa bwino ndi anthu odziwa kusewera.

Zimenezo tilibe ife? Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, ndipo inakaonetsedwa kunja. Gift Sukez Sukali anapanga Fatsani, ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu, ndipo dziko linaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Anthu aluso alipo. Chimene sindinaonebe ndi filimu yathu ya munthu wa m'kati, wodya nawo, amene tsiku lina watsegula pakamwa pa zifukwa zake zosayera. M'mavidiyo athu ambiri woipa ndi mfiti kapena mayi wopeza, wabwino ndi mwana wamasiye wopemphera, ndipo pomaliza woipa amachita misala n'kuulula yekha pabwalo. Katangale weniweni sachita misala pabwalo, amamanga nyumba ya mpanda.

Kuno ku Ntcheu kokha nkhani zili mbwee. Imani pa Lizulu muone kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere zikutsika kuchokera m'minda ya m'malire, mbali ino Malawi, kuwoloka msewu Mozambique. Funsani mlimi wa ku Tsangano kuti mtengo wa thumba amaika ndani, iye kapena a malole. Funsani wa nandolo ndi chimanga kumunsi ku Bwanje za masikelo a mavenda. Madandaulo ake ndi omwe aja a bambo anga pamchenga: katundu woola msanga, ogula ochepa odziwana, mtengo umodzi pakamwa pa onse. Lamulo lathu limaletsa kupangana mitengo, ndipo kuli bungwe la CFTC loyang'anira zimenezo. Koma bungwe lingagwire chiyani popanda munthu wa m'chipindamo? FBI yomwe, ndi zida zake zonse, inafunika Whitacre. Ndipo masiku ano chikwama chobisamo tepi n'chosafunika, foni ya mabatani yomwe imajambula mawu.

Ndiye tayerekezani. Mnyamata wolemba masikelo kwa bwana wogula mbewu pa tireding'i senta ina. Sikelo ndi yofinyidwa, iye ndi amene amaifinya m'mawa uliwonse, ndipo pa thumba lililonse amadulapo kake kamene bwana sakudziwa. Ali ndi zibwenzi ziwiri, aliyense anamuuza kuti ndi manijala. Tsiku lina aganiza zojambula bwana wake ndi anzake akupangana mtengo, osati chifukwa chomvera chisoni alimi, koma akuganiza kuti bwana akamangidwa sitolo idzakhala yake. Foni ili m'thumba la malaya ikujambula, ndipo pakati pa msonkhano chibwenzi chija chiimba. Malo ojambulira: sitolo imodzi, resitihausi imodzi, minibasi, ndi ofesi ya tebulo limodzi. Osewera asanu ndi mmodzi. Ndani angandiuze kuti imeneyo ikufuna mamiliyoni a madola? Ikufuna wolemba amene sadzachita mantha kusiya mnyamatayo ali wakuba mpaka kumapeto, osamulapitsa kutchalitchi mphindi zisanu zomaliza, ndiponso osalola kuti kuba kwake kutsuke bwana.

Chondivuta ine n'chakuti filimu yotere imatiika ife oonera pa mlandu. Pansi pa mtengo paja ine ndinalipo, ndinali ndi zaka mwina 13, ndipo ndinaseka nawo pamene kabuku kanatuluka. Ndinakuwiza nawo mnyamata uja popita kwawo. Zinali zokoma kuona wakuba wagwidwa, zokoma kuposa kulimbana ndi anthu amene mawa lake tinkafunika kuwagulitsanso usipa. Ogula aja ankadziwa zimenezo. ADM nayo inkadziwa, n'chifukwa chake inathamangira kufukula mabuku a Whitacre. Kusiyana kwake n'kwakuti kumene kuja oweruza anatenga milandu yonse iwiri, uwu ndi uwo, aliyense n'kulandira wake. Ife tinasankha umodzi, wosavutawo.

Filimuyi ndaiika mu fulashi. Lachisanu ndikutsika kudzera ku Kasinje ndi Golomoti kudzatenga katundu, ndiye Loweruka madzulo tikhoza kuionera pa vidiyo ya padoko ngati mwini wake avomera kutipatsa maola awiri mpira usanayambe. Ndikufuna mmodzi wa inu amene Chingerezi chimamumvera akhale pafupi ndi sikirini azimasulira, koma chonde osati mwa ma DJ aja othira nthabwala zawo pamwamba, chifukwa mawu a m'mutu mwa Whitacre akaphimbidwa filimu yonse yapita. Amene mukufuna zibakera musabwere, mudzangotisokoneza potuluka. Ndipo wina akawauze bambo kuti ndawasungira malo kutsogolo, pampando osati pabenchi.